Chithunzi chachikulu chisagunde galasi

Inu ojambula a pa Mvera ku Dowa, zithunzi zikuluzikulu za maukwati a ku CCAP, mishoni ya 1889 ija, ndi ndalama. Koma dzinja likafika, chinyontho cha m'mapiri muno mpaka ku Ntchisi chimamatitsa chithunzi ku galasi. Pochimatula chimasupuka, kasitomala osabweranso.

Mankhwala ake ndi katoni yolimba yoboola pakati, yotalikitsa chithunzi ndi galasi. Pa chithunzi cha A3, cha masentimita 30 ndi 42, siyani masentimita 5 mbali zonse, felemu ikhale 40 ndi 52. Guluu ayi, matani tepi kumtunda kokha kuti pepala lisakwinyike.

Potchula mtengo, werengani galasi, thabwa, katoni ndi thiransipoti ya ku Lilongwe.