Mitsempha Yotupa ya m'Miyendo Ili ndi Thandizo

Ambili a ife timagwila nchito coimilila tsiku lonse, kaya kumsika, m'kalasi kapena m'sitolo. Mitsempha ya m'miyendo ili ndi tuzitseko toletsa magazi kubwelela pansi. Tuzitsekoto tukafooka, magazi amaunjikana, ndipo mtsempha umatupa ndi kupindika. Tikalekelela, pafupi ndi kakolo pangabuke cilonda cosapola msanga.

Masiku ano ngakhale mitsempha ikuluikulu imathandizidwa popanda opaleshoni, mwa njila yochedwa sclerotherapy. Dokotala amasakaniza mankhwala, monga polidocanol, ndi mpweya kuti akhale thovu. Akuyang'ana pa makina a sikani, amalowetsa thovulo ndi nyeleti mumtsempha wotupawo. Mtsemphawo umatsekeka ndi kufota pang'onopang'ono, ndipo magazi amayamba kudzela m'mitsempha ina yabwino.

Wodwala amabwelela kunyumba tsiku lomwelo. Afunika kuvala masokosi othina a kucipatala ndi kuyendako tsiku lililonse. Ena amalasidwanso kaciwili, ndipo khungu lingade pamalopo kwa miyezi ingapo. Amayi apakati, komanso amene magazi anawaundanapo m'mitsempha, auziletu dokotala.

Tisatemele mphini pamtsempha wotupa, cifukwa ungataye magazi ambili. Tipite kucipatala cilonda cisanayambe.