Kuvala Bwino Si Kudzikuza

Mnyamata akabwera kuchokera ku Joni atavala nsapato zonyezimira, anthu pamudzi sachedwa kunong'onezana kuti wayamba matama. Chisilamu sichiweruza msanga choncho.

M'buku la mahadisi la Sahih Muslim muli nkhani yakuti Mtumiki Muhammad adachenjeza kuti munthu wokhala ndi kudzikuza mumtima, ngakhale kochepa ngati kafumbi, sadzalowa m'Paradizo. Bambo wina adafunsa za munthu amene amangokonda chovala chabwino ndi nsapato zabwino. Mtumiki adamuyankha kuti Mulungu amakonda zokongola; kudzikuza ndiko kukana choonadi ndi kunyoza anthu. M'Chiarabu khalidweli amalitcha kibr.

Qur'an imati woyamba kugwa nalo adali Iblis, amene ndi Satana. Mu Sura 7, ndime 11 mpaka 13, Mulungu adalamula angelo kuti amugwadire Adam. Onse adagwada, koma Iblis adakana. Adati iye ngoposa Adam popeza adalengedwa ndi moto pamene Adam adaumbidwa ndi dongo. Onani bwino apa: Iblis sadabe, sadaphe, ndipo sadakane kuti Mulungu alipo. Adangonyadira kumene adachokera, basi, n'kupirikitsidwa. Amene amakanira mwana wawo ukwati ponena kuti mtundu wa mnyamatayo ngwapansi, ayenera kuimva nkhaniyi kawiri.

Palinso Qarun, wa mtundu wa Musa, mu Sura 28. Chuma chake chidachuluka kotero kuti makiyi okha a mosungira mwake ankalemera gulu la amuna amphamvu. Anzake atamulangiza, iye adati zonsezo adazipeza ndi nzeru zake. Nthaka idam'meza pamodzi ndi nyumba yake, ndipo amene dzulo lake ankamusirira adathokoza kuti sadali iwo.

Chodabwitsa n'chakuti mu Sura 59, ndime 23, limodzi mwa maina a Mulungu ndi Al-Mutakabbir, lochokera ku tsinde lomwelo la kibr. Ukulu ngwa Iye yekha, ndipo munthu woufuna akulanda chosakhala chake.

Mu Sura 31 wanzeru Luqman akulangiza mwana wake zinthu zooneka ndi maso: asatembenuzire anthu nkhope kumbali monyoza, asayende modzitama, ndipo atsitse mawu polankhula. Wokonda kukuwa pabwalo la milandu adziwe kuti ndime 19 ikuyerekeza mawu otero ndi kulira kwa bulu.