MPHIKA WA DONGO WOSEFA TIZIROMBO M'MADZI

Acikumbi anzanga a ku Malosa ndi a m'cigwa conse ca Domasi, nchito ya Mlangizi ndiyo kunena za mbeu, manyowa ndi migula. Koma lero ndifuna tikambe za madzi akumwa, pakuti munda sulimika ndi munthu wogona pa mphasa. Matenda a m'mimba amaculuka nthawi ya dzinja, pamene cimanga cifuna kupalira ndi kubandira. Banja likagona sabata ziwiri m'mwezi wa January, udzu umapambana cimanga, ndipo nkhokwe imadziwika ndi kupepuka kwace.

Madzi a mtsinje wa Domasi amatsika m'phiri ali mbee, koma pofika ku nyanja ya Chilwa apyola midzi yambiri, pocapira ndi pomwera ng'ombe. Mvula ikakula imakokolola zonyansa za kuchire ndi za m'zimbudzi zogumuka, niziponya m'zitsime zosaphimba. M'zonyansazo muli tizirombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi. Kacirombo ka kolera nkakang'ono ndithu: 500 titandanda pamzere tingofika milimita imodzi. Cifukwa cace madzi oyera m'maso angathe kupha. Kolera anafika m'Malawi mu 1973. Mliri waukulu koposa unayamba kumveka m'boma la Machinga, pafupi ndi ife pomwe pano, mu March 2022, ndipo pofika pakati pa 2023 unali utagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700.

Amai ambiri amakhulupira mtsuko wao. Mtsuko uziziritsa madzi, inde, koma suwayeretsa. Komabe dongo lomwelo, likakonzedwa mwa njira yina, lisanduka sefa yogwira tizirombo.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mu 1884 Charles Chamberland, wogwira nchito ndi Louis Pasteur ku Paris, anaumba sefa ya dongo loyera yonga kandulo. Inali yabwino, koma yosafikirika kwa munthu wa kumudzi. Mu 1981 Fernando Mazariegos wa ku Guatemala anapeza njira yoti oumba mbiya wamba apange sefa yonga mphika. Namondwe Mitch ataononga maiko a Central America mu 1998, Ron Rivera wa bungwe la Potters for Peace anayamba kuumba miphikayi yambiri ku Nicaragua, ndipo kucokera kumeneko luso linafalikira ku Asia ndi ku Africa.

Kapangidwe kace nkotere. Dongo louma alisinja nalisefa. Asinjanso mankhusu a mpunga kapena utuci wa matabwa, nazisefa kuti zikhale zosalala. Ziwirizi azisakaniza pa muyeso, nathira madzi, naumba mphika m'cikombole. Mphika ukauma auocha m'ng'anjo pa moto wa madigiri 850 kufikira 900. Mankhusu aja apsya natha, nasiya timabowo tosawerengeka m'khoma la mphika. Madzi adzera m'tinjira tokhotakhota timeneti, koma matope, mazira a njoka za m'mimba ndi tizirombo tambiri zitsala. Potsiriza apaka mphikawo madzi okhala ndi siliva pang'ono. Siliva apha tizirombo totsalira, naletsa tina kuswana m'khomamo. Mphika wopangidwa bwino ucotsa tizirombo ta mtundu wa bakiteriya 99 mwa 100.

Onani kuti zipangizo zazikulu tiri nazo. Dongo liri m'madambo, mankhusu aunjikana pa zigayo za mpunga kumunsi kwa Domasi, utuci uli kwa oceka matabwa a paini ku Zomba. Koma ndikucenjezeni: musayese kuumba sefa ndi kuiocha pa moto wa nkhuni wa pabwalo monga ticitira ndi mbiya. Moto wotere supsya mofanana, ndipo usiya timing'alu tosaoneka. Sefa yeniyeni imaochedwa m'ng'anjo, niyesedwa isanagulitsidwe. Magulu a amai oumba akafuna nchitoyi ayambe aphunzira kwa odziwa.

Amene mwapeza sefa yotere, kaya ya mphika kaya ya kandulo, sungani malangizo awa.

1. Mphika ukhale pakamwa pa ndowa ya mpopi, ndi cibvundikiro pamwamba. Tungani pa mpopi pokha. Kapu yobviika m'ndowa ibwezera tizirombo tonse timene sefa yacotsa.

2. Yesani kadonthedwe kace. Sefa ya mphika yabwino idontha lita imodzi kufikira malita atatu pa ora. Ikayamba kuthamanga, yang'aluka. Isiyeni, ngakhale mng'aluwo simukuuona.

3. Madzi a matope muyambe mwawasiya adikhe, ndi kuwasefa pa nsaru yoyera, kuti timabowo tisatsekeke msanga.

4. Kudontha kukacepa, kwecani m'kati mwa mphika ndi burashi yoyera ndi madzi osefa kale. Sopo asakhudze dongo. Sopo ngwa ndowa ndi mpopi. Kunja kwa mphika musagwire ndi manja akuda, ndiponso musauike pansi.

5. Patapita zaka ziwiri, funani mphika watsopano.

Tsono dziwani zimene sefa siingathe. Tizirombo ta mtundu wa mavairasi ntating'ono koposa, ndipo tambiri tipyola. Fetereza ndi mankhwala ophera mbozi zikasungunuka m'madzi, dongo silizigwira. Cifukwa cace musatsukire mpope wopopera mbeu pafupi ndi citsime. Kolera akamveka m'mudzi, madzi osefawo muwathirenso klorini monga anenera alangizi a zaumoyo, kapena muwawiritse. Ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga, mpatseni thanzi ORS ndi kuthamanga naye ku cipatala, monga ca St Luke's pa Malosa, osadikira kuce. Madzi akatayika saoleka.

Mcikumbi wanzeru amakonza nkhokwe asanakolole. Konzaninso za madzi akumwa mvula isanagwe: phimbani citsime, mangani cimbudzi kutali naco, ndipo sefa ikhale pa malo ace m'nyumba, kuti mwezi wa kupalira ukupezeni nonse m'munda ndi khasu m'manja.

Mlangizi wa Ulimi, Malosa