Malonda Akaphimba Nkhani

Nyuzipepala ndi wamalonda ndi anansi akalekale. M'chaka cha 1833, mumzinda wa New York, munthu wina wosindikiza dzina lake Benjamin Day adayambitsa nyuzi yotchedwa The Sun, nayamba kuigulitsa pa senti imodzi yokha pamene nyuzi zina zinali kugulidwa pa masenti 6. Ndalama yochepayo sikadatha kulipira pepala, inki ndi antchito onse. Yotsalayo inali kuchokera kwa amalonda amene ankagula malo m'nyuzimo kuti alengezemo katundu wao. Chiyambire nthawi imeneyo pakhala pangano losalembedwa pakati pa anthu atatu: mkonzi abweretse nkhani, wamalonda alipire gawo lalikulu la mtengo wake, ndipo wowerenga alole kuti maso ake adutse pa malondawo pamene akufunafuna nkhaniyo.

Pa pepala panganoli lidayenda bwino kwa zaka zoposa 100, pakuti malonda osindikizidwa ali ndi khalidwe. Amakhala pamalo pamene mkonzi wawaika, salankhula, ndiponso sadziwa kuti amene akuwayang'anayo ndani. Munthu wofuna nkhani za mpira amangotembenuza tsamba, basi zatha. Koma nkhani zitasamukira pa intaneti pangano lija lidayamba kugwedezeka, ndipo utsi udafuka kwambiri ku masamba amene amalemba za makompyuta, mafoni ndi zipangizo zina zamakono. M'chigawo chathu cha lero tiona chimene chidakwiyitsa owerenga masamba amenewa, chimene adachita atakwiya, ndi chifukwa chake mlanduwu ukutikhudza ifenso.

Chiyambi chake

Mu Okutobala 1994 magazini ya ku America yotchedwa Wired, imene imalemba za luso lamakono, idatsegula tsamba lake la pa intaneti lotchedwa HotWired. Pamwamba pa tsambalo padaikidwa kachikwangwani kotsatsa malonda a kampani ya matelefoni ya AT&T, ndipo kachikwangwani kameneka kali m'gulu la malonda oyambirira a mtundu wotere. Popeza chinali chinthu chachilendo, akuti anthu 44 mwa 100 alionse amene adakaona adakadina kuti aone zimene zinali kuseri kwake. Masiku ano zinthu zidatembenuka, pakuti mwa anthu 100 oona chikwangwani chotere, kawirikawiri sipapezeka ndi mmodzi yemwe wochidina. Maso a anthu adaphunzira kulambalala malonda monga munthu wozolowera njira alambalalira chitsa osachiyang'ana n'komwe.

Gwero la vutoli lili m'kawerengedwe ka malipiro. Wamalonda amalipira mwini tsamba molingana ndi kuchuluka kwa maulendo amene malonda ake aonekera, ndipo mtengo umaikidwa pa maulendo 1,000 alionse. Ena amalipira pokhapokha munthu akadina. Tsono nyuzi ya pepala ili ndi masamba owerengeka, motero malo ake ndi osowa ndipo ali ndi mtengo. Pa intaneti malo satha. Chinthu chikachuluka pamsika mtengo wake umagwa, monga achitira matimati nyengo yake ikafika. Mwini tsamba amene kale ankapeza ndalama zokwanira ndi chikwangwani chimodzi adayamba kuika zitatu, kenaka khumi. Zitachuluka chomwecho anthu adasiyiratu kuziona, ndipo amalonda adafunafuna njira zoumiriza maso. Aliyense amene adafikapo pa depoti ya mabasi akudziwa m'mene zimakhalira: oitanira akachuluka kufuula kokha sikukwananso, wina amayamba kukutsomphola chikwama.

Imodzi mwa njira zoumirizazo ndi kawindo kamene kamangotulukira mwadzidzidzi pamwamba pa zimene munthu akuwerenga. Kadayambira ku kampani ya Tripod chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo amene adalemba pulogalamu yake ndi Ethan Zuckerman. Iye sadalinge kuzunza anthu. Kampani ina ya magalimoto idadandaula kuti malonda ake aonekera pa tsamba la zolaula, choncho iye adapeza njira yoti malonda azioneka pa windo laokha, motalikirana ndi tsambalo. Ena atatengera nzeruyi idasanduka mliri, kotero kuti mu 2014 Zuckerman adapepesa poyera m'nkhani imene adalemba m'magazini ya The Atlantic.

Pambuyo pa kawindoko padatsata zina. Kudabwera kanema woyamba yekha kulankhula mokweza, munthu ali m'chipinda cha aphunzitsi kapena pakati pa usiku ana atagona. Kudabwera chikwangwani chophimba tsamba lonse, chouza wowerenga kuti adikire masekondi angapo, kamtanda kotsekera katabisidwa pakona. Nkhani imodzi yaifupi idayamba kudulidwa m'masamba khumi kuti tsamba lililonse lisenze malonda ake. Ndipo padabweranso malonda ovala zovala za nkhani, amene munthu amawawerenga mpaka pakati asadazindikire kuti akumugulitsa chinthu.

Zobisika kuseri

Zimene maso amaonazo ndi theka chabe la mlandu. Pamene munthu watsegula tsamba, m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi mumachitika okushoni. Makompyuta a makampani ambiri amauzidwa kuti kwafika wowerenga wa dera lakuti, wa foni yakutiyakuti, amene posachedwa ankafufuza mitengo ya nsapato, ndipo amapikisana mitengo monga ogula fodya ku Kanengo. Wopambana ndiye aonetsa malonda ake. Kuti okushoniyo itheke, timapulogalamu tating'onoting'ono timatsata wowerengayo kuchokera pa tsamba lina kunka pa lina, tikulemba zimene amakonda. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi: wowerenga amasangalala kuti nkhani ndi yaulere, osadziwa kuti chimene chili pamsikapo ndi maso ake omwe.

Chotsatira chake n'chakuti mkonzi sadziwanso malonda onse amene akuoneka pa tsamba lake, ndipo achifwamba adapezerapo mpata. Mu Malichi 2016 masamba otchuka monga a The New York Times ndi BBC adapezeka akuonetsa, eni ake osadziwa, malonda onyamula pulogalamu yoipa imene imatseka zonse za m'kompyuta mpaka mwini wake alipire dipo. Mu Disembala 2022 bungwe la apolisi ofufuza milandu ku America, la FBI, lidachenjeza anthu za malonda achinyengo onamizira makampani odziwika, ndipo pakati pa malangizo ake lidati anthu azigwiritsa ntchito pulogalamu yotchinga malonda pofufuza zinthu pa intaneti.

Palinso nkhani ya mtengo. Mu 2015 atolankhani a The New York Times adayesa masamba 50 otchuka a nkhani pa foni ya m'manja, napeza kuti zoposa theka la zonse zimene foni inkakoka zinali malonda ndi zina zoyenda nao. Kwa munthu wa ku New York wolipira intaneti yopanda malire, chimenechi ndi chotopetsa chabe. Kwa mphunzitsi wa ku Ntchisi kapena mnyamata wa ku Chipata wogula bandulo ya tsiku limodzi, ndi ndalama yotuluka m'thumba. Iye amalipirira kanema wotsatsa galimoto imene sadzagula, ndipo bandulo imatha nkhani imene amaifunayo isadatseguke.

Owerenga abwezera

Anthu oyamba kupeza mankhwala adali owerenga nkhani za makompyuta, pakuti ndiwo ankadziwa m'mene tsamba limamangidwira. Mu 2006 Wladimir Palant adatulutsa Adblock Plus, pulogalamu yaulere imene imaima pakhomo ndi kubweza malonda asadalowe, ndipo pambuyo pake padadza ina yotchedwa uBlock Origin, ya Raymond Hill. Tsoka lidagwera masamba a nkhani za luso lamakono: owerenga ao okhulupirika ndi ozindikira kwambiri ndiwo adali oyamba kusiya kuwabweretsera ndalama.

Mu Malichi 2010 tsamba la Ars Technica lidayesa kubwezera. Kwa maola 12 lidabisa nkhani zake kwa onse otchinga malonda, ndipo mkonzi wake, Ken Fisher, adalemba nkhani yofotokoza kuti kutchingako kukupha masamba omwewo amene anthu amawakonda. Ena adamva chisoni natsegula khomo. Ena adapsa mtima pakuti adatsekeredwa kunja popanda kuuzidwa chifukwa. Mu Febuluwale 2016 magazini ya Wired, yomwe ija idabala kachikwangwani ka 1994, idalengeza kuti oposa 20 mwa 100 alionse ofika pa tsamba lake anali kutchinga malonda, ndipo idawauza kuti asankhe pakati pa kutsegula khomo ndi kulipira dola imodzi pa mlungu.

Ngakhale opanga zotchingirazo mtima sudawakhale m'malo. Mu Seputembala 2015, kampani ya Apple italola kutchinga malonda pa mafoni ake, Marco Arment adatulutsa pulogalamu yotchedwa Peace, imene idagulidwa kuposa zina zonse zolipiritsa m'sitolo ya kampaniyo ku America. Patangopita masiku awiri adaichotsa yekha, ponena kuti inali kupweteka olakwa ndi osalakwa omwe.

Apa mpamene pali phata la mlandu, pakuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Wowerenga akunena zoona kuti foni ndi yake, bandulo ndi yake, ndipo sadalonjeze munthu aliyense kuti amutsate kulikonse kumene apita. Bwalo lalikulu la milandu ku Germany lidagamula mu Epulo 2018, pa mlandu wa kampani yosindikiza nyuzi ya Axel Springer, kuti kupereka pulogalamu yotchinga malonda sikuphwanya lamulo la mpikisano wa malonda. Nayenso mkonzi akunena zoona kuti mtolankhani amene watha mlungu wathunthu akufufuza nkhani ali ndi banja lofuna kudya. Choipitsitsa n'chakuti mkanganowu umadzidyetsa wokha. Otchinga akachuluka, mwini tsamba amaunjika malonda onse pa owerenga otsalawo kuti abweze ndalama yotayika. Otsalawo akatopa, naonso amatchinga.

Kufunafuna mtendere

Eni malonda adafika povomera. Mu Okutobala 2015 mmodzi wa akuluakulu a bungwe lao la Interactive Advertising Bureau, Scott Cunningham, adalemba poyera kuti adalakwitsa pothamangira ndalama n'kuiwala wowerenga. Mu 2016 makampani angapo adapanga mgwirizano wotchedwa Coalition for Better Ads, umene udatchula mitundu ya malonda osayenera, kuphatikizapo mawindo otulukira mwadzidzidzi, makanema oyamba okha ndi mawu, ndiponso malonda odzaza malo oposa magawo 30 mwa 100 a tsamba la pa foni. Kuyambira pa 15 Febuluwale 2018 pulogalamu yotsegulira masamba ya Chrome idayamba kuchotsa malonda pa masamba ophwanya malamulowa. Komabe ambiri adaona kuti mwini Chrome, kampani ya Google, ndi yomwenso imapeza chuma chake chochuluka m'malonda, kotero woweruza mlandu ali ndi mbuzi zake m'munda womwewo. Kukayika kumeneku kudakula pamene kusintha kwa malamulo a Chrome m'zaka za 2024 ndi 2025 kudachititsa kuti uBlock Origin ileke kugwira ntchito mmenemo.

Masamba ena adasankha kubwerera kwa wowerenga mwini wake. Ars Technica imalandira malipiro kwa ofuna kuwerenga popanda malonda. Mu 2023 atolankhani anayi adayambitsa 404 Media, tsamba laolao lodalira kwambiri ndalama za owerenga. Mu Disembala 2024 The Verge idayamba kulipiritsa madola 7 pa mwezi, nilonjeza malonda ochepa kwa olipirawo. Njirayi ili ndi ubwino wake, pakuti mkonzi amatumikira amene akumulipira. Koma ili ndi khomo lopapatiza. Wophunzira amene wangomaliza Fomu 4 ndipo akufuna kudziphunzitsa yekha za makompyuta sangapeze madola 7 mwezi ndi mwezi. Nkhani zonse zabwino zikatsekeredwa kuseri kwa malipiro, iye adzatsala ndi masamba a mphekesera, amene ndi omwenso ali ndi malonda onyansa kuposa onse.

Chifukwa chake sitinganene kuti malonda atheretu. Kuyambira masiku a Benjamin Day, malonda ndiwo akhala akutsitsira munthu wosauka mtengo wa nkhani. Chofunika n'chakuti abwerere ku khalidwe lija anali nalo pa pepala: akhale pamalo pao, adziwike kuti ndi malonda, akhale opepuka, ndipo asatsate munthu mpaka kuchipinda.

Kwa inu aphunzitsi, m'nkhaniyi muli phunziro loyenera kalasi. Monga muphunzitsa ana kusiyanitsa nthano ndi mbiri, aphunzitseninso kusiyanitsa nkhani ndi malonda, kuyang'ana mawu aang'ono osonyeza kuti cholembedwacho wina wachilipirira, ndi kusadina chikwangwani chonena kuti apambana mphoto kapena kuti foni yao yadwala. Kwa inu achinyamata amene mukulingalira zotsegula masamba anuanu a nkhani, kumbukirani za pusi uja adagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma. Chikwangwani chilichonse choonjezera chingakubweretsereni kandalama lero, koma chimadya kuleza mtima kwa wowerenga, ndipo wowerenga amene waika chotchingira kamodzi sakonda kuchichotsanso.