Dzina la Derby lidachokera pa mpikisano wa akavalo wa ku Epsom

Chaka chilichonse, kawirikawiri kumayambiriro kwa mwezi wa June, khwimbi la anthu limasonkhana pa bwalo la Epsom Downs m'dziko la England kudzaonera mpikisano wa liwiro la akavalo wotchedwa Derby, womwe udayamba pa 4 May 1780.

Dzinali lidachokera kwa mkulu wina wolemekezeka, a Edward Smith-Stanley, omwe adali ndi udindo wa Earl of Derby. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti iwo adachita mayere ndi mnzawo, a Sir Charles Bunbury, pofuna kupeza mwini dzina la mpikisanowu, ndipo mwayi udagwera a Derby. Komabe kavalo wa a Bunbury, Diomed, ndiye adapambana ulendo woyambawo, pomwe a Derby adadikira mpaka 1787.

Mpikisanowu ndi wa akavalo a zaka zitatu okha, choncho kavalo aliyense amayesa mwayi kamodzi basi pa moyo wake. Poyamba ankathamanga makilomita 1.6, koma mu 1784 mtundawo udakwezedwa kufika pafupifupi makilomita 2.4. Kupambana kumakweza kwambiri mtengo wa kavalo chifukwa oweta amalimbirana mbewu yake. Mwachitsanzo, Galileo adapambana mu 2001, ndipo ana ake asanu adadzapambananso mpikisano womwewu.

Mu 1913 pabwaloli padachitika ngozi pamene mayi Emily Davison, omwe ankamenyera ufulu wa amayi woponya voti, adalowa m'njira ya akavalo nagundidwa ndi Anmer, kavalo wa Mfumu George V. Mayiwa adamwalira patatha masiku anayi. Pa nthawi ya nkhondo zikuluzikulu ziwiri za padziko lonse mpikisanowu unkachitikira ku Newmarket.

Kutchuka kwa Derby kudachititsa kuti mayiko ena atengere dzinali. Dziko la Ireland lidayambitsa Irish Derby pa bwalo la Curragh mu 1866. Ku America, a Meriwether Lewis Clark Jr., atacheza ku Epsom, adakhazikitsa Kentucky Derby mumzinda wa Louisville mu 1875, ndipo kavalo Aristides, wokweredwa ndi mnyamata wachikuda Oliver Lewis, ndiye adatsogola. Ku Japan, mpikisano wa Tokyo Yushun, womwe umatchedwanso Japanese Derby, udayamba mu 1932.

Dzina la a Bunbury nalo silidaiwalike, pakuti ku Newmarket kumachitika mpikisano wa Bunbury Cup m'mwezi wa July.