Kodi Khonsolo ya Wembley Inapita Kuti?

Ana inu okonda mpira, dzina loti Wembley mumalidziwa. Ndi kuja matimu a ku England amakalimbirana chikho cha FA Cup. Koma Wembley si bwalo lokha ayi. Ndi dera la kumpoto chakumadzulo kwa London, ndipo kwa zaka pafupifupi 70 linkadzilamulira lokha, ndi khonsolo yakeyake. Mukapitako lero kukafunsa ofesi ya khonsoloyo, palibe angakulozereni. Nanga inapita kuti?

Kalekale Wembley kunali kumudzi, m'chigawo cha Middlesex. Alimi ankamweta udzu, kuuyanika, n'kukagulitsa ku London kuti adyetse akavalo okoka ngolo. M'chaka cha 1894 boma linakhazikitsa Wembley Urban District. Anthu anayamba kusankha makhansala oti aziyang'anira misewu, ngalande za madzi oipa, nyale za m'misewu ndi kutaya zinyalala, pogwiritsa ntchito msonkho wa eni nyumba. Anthu ake sankafika ngakhale 5,000.

Poyamba khonsoloyi inaphatikiza mudzi woyandikana nawo wa Kingsbury. Koma sanamvane! A ku Kingsbury anali ndi makhansala ochepa, ndipo mikangano inakula mpaka mu 1900 anapatukana. Anadzabwererana mu 1934.

Chimene chinasintha Wembley ndi njanji. Mkulu wa kampani ya sitima ya Metropolitan Railway, Sir Edward Watkin, ankafuna kuti anthu azikwera sitima zake n'cholinga chokaona zodabwitsa. Ndiye anaganiza zomanga nsanja yachitsulo yotalika kuposa Eiffel Tower ya ku Paris. Ntchito inayambadi, koma nsanjayo itafika mamita pafupifupi 47, ndalama zinatha. Nthaka nayonso inali yalowe, moti miyendo ya nsanja inayamba kutitimira. Inangokhala choncho, yosatha, anthu akuiseka, mpaka mu 1907 anaphulitsa zotsalira zake ndi mabomba ophwanyira miyala. Ine ndimamumvera chisoni Watkin, chifukwa nzeru yake yokopa anthu sinali yolakwika. Pamalo omwewo ndi pamene anadzamanga bwalo la mpira lija.

Bwalolo linatsegulidwa mu 1923. Pa masewero oyamba, Bolton Wanderers inagonjetsa West Ham United 2-0, koma khamu linachuluka mpaka kusefukira m'bwalo losewerera. Wapolisi wina amene anakwera kavalo wotchedwa Billy ndi amene anathandiza kukankhira anthu m'mbali pang'onopang'ono kuti mpira uyambe. Mu 1924 ndi 1925 pamalopa panachitika chionetsero chachikulu cha British Empire Exhibition, cha mayiko olamulidwa ndi Britain. Dziko lathu, lomwe nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, nalonso linaonetsako zinthu zake.

Alendo ambiri ataona malowo anawakonda. Sitima inkawafikitsa kuntchito ku London mosachedwa, madzulo n'kubwerera kukagona kopanda utsi ndi phokoso. Minda ya udzu ija inasanduka mizere ya nyumba, kunabweranso mafakitale. Pofika 1951 anthu anali atapitirira 100,000. Tangoganizani, pa moyo wa munthu mmodzi!

Dera likakula, ulemu umakulanso. Mu 1937 Wembley inakwezedwa kukhala municipal borough, kutanthauza kuti inayamba kukhala ndi meya. Inamanganso holo yake yokongola ya njerwa mumsewu wa Forty Lane. Ena mwa masewero a Olympic a 1948 anachitikira m'dera la meya ameneyu.

Tsono vuto linali ili: London inali itakula n'kumeza madera onse ozungulira. Munthu ankatha kuchoka m'dera la khonsolo ina n'kulowa la ina osadziwa, poti nyumba zinali zogundizana. Boma linaona kuti timakhonsolo tachulukitsa, choncho pa 1 April 1965 linatiphatikiza n'kupanga makhonsolo 32 akuluakulu. Wembley anaiphatikiza ndi Willesden, dera la tsidya lina la mtsinje wa Brent. Anthu ambiri a ku Wembley sanakondwe nazo, pakuti madera awiriwa ankasiyana ngakhale pa zipani zimene ankakonda kuvotera. Dzina latsopano silinakondere mbali iliyonse: anatenga la mtsinje wowalekanitsa uja, n'kutcha khonsoloyo London Borough of Brent.

Choncho pamene England inkapambana World Cup pa Wembley mu 1966, khonsolo ya Wembley inali itatha kale, ntchito zake zikugwiridwa ndi Brent. Bwalo lakale analigwetsa, ndipo latsopano la anthu 90,000 linatsegulidwa mu 2007. Holo ya ku Forty Lane inakhala likulu la Brent mpaka 2013, pamene makhansala anasamukira ku nyumba yatsopano pafupi ndi bwalo. Kuyambira 2015 holoyo ndi sukulu, ndipo ana ambiri a m'menemo amaphunzira m'Chifalansa.