Nthano ya pa tebulo imafa anthu akasowa tsiku lokumana

Anthu asanu akhala mozungulira tebulo. Aliyense ali ndi pepala, pensulo ndi madayisi onga aja a ludo, kungoti ena mwa awa ali ndi mbali 20. Mmodzi ndiye mwini nthano: amafotokoza za mudzi, phanga kapena chilombo chomwe chatseka njira. Ena onsewo ndi anthu a m'nthanomo, wina msilikali, wina mbala, wina wamatsenga, ndipo aliyense amanena chomwe akufuna kuchita. Dayisi ndiyo imagamula ngati zatheka kapena zakanika.

Awa ndi masewero a Dungeons & Dragons omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America m'chaka cha 1974 kudzera ku kampani ya TSR. Kampani ya Wizards of the Coast idagula TSR mu 1997, nayonso idagulidwa ndi Hasbro mu 1999.

Kusiyana kwake ndi bawo nkwakuti pano palibe wodya mnzake. Onse ali mbali imodzi, ndipo nthano siitha tsiku limodzi. Amasewera maola atatu kapena anayi nkulekeza, kuti adzapitirize sabata ya mawa. Nthano imodzi imatha kutenga miyezi, mwinanso zaka, ndi anthu omwewo. Apa mpomwe pamayambira madandaulo.

Dandaulo lalikulu pakati pa osewera silikhudza malamulo kapena zilombo ayi, koma tsiku lokumana. Ali pasukulu zimayenda. Akakula, uyu wagwira ntchito ya usiku, uyu mwana wadwala, winayo wapita ku ukwati. Mmodzi akajomba, munthu wake wa m'nthano uja amasowa womuyankhulira, ndipo anzake amasankha kudikira. Sabata imasanduka mwezi. Pomwe azidzakumananso, aiwala kuti adalekezera pati, nthano nkufera panjira popanda wokangana ndi mnzake.

Ben Robbins adalemba mu 2007 za njira yomwe iye adayesa pothana ndi vutoli, yomwe idatchuka ndi dzina loti West Marches. Adachotsa tsiku lokhazikika komanso gulu lokhazikika. Osewera adalipo khumi kapena kuposerapo, ndipo omwe ali ndi mpata ankapangana okha tsiku ndi dera lomwe akufuna kukafufuza, kenako nkumuuza iye. Wojomba sankaimitsa anzake. Komabe njirayi imafuna osewera odzipereka, pakuti palibe wowathamangitsa, ndipo aulesi amangotsalira.

Izi zikutifikitsa pa munthu yemwe goli limamulemera kuposa onse, mwini nthano uja, yemwe amamutcha Dungeon Master. Iyeyu amakonzekera masewero asadafike: kuwerenga mabuku a malamulo, kujambula mapu, kupeka mayina ndi makhalidwe a mafumu ndi zigawenga. Kawirikawiri ndiyenso amaitana anthu, kupereka nyumba yake komanso kuweruza mikangano. Anzake amangobwera kudzakhala pansi, ena osadziwa nkomwe zomwe zalembedwa pa pepala lawo lomwe. Ambiri mwa eni nthanowa amalakalaka wina atawalandirako kuti nawo asewereko ngati munthu wamba, koma wodzipereka amasowa. Kunena zoona, dandaulo ili ndi lomveka kuposa ena onse, chifukwa mwini nthano akatopa, gulu lonse latha basi.

Mtolowu udalemeranso chiyambireni pulogalamu ya Critical Role pa intaneti mu 2015. Kumeneko Matthew Mercer ankatsogolera nthano ndi anzake omwe ntchito yawo ndi kuyankhula m'makatuni ndi m'masewero a pa kompyuta. Pulogalamuyi idakopa osewera atsopano ochuluka, koma ena amafika pa tebulo akuyembekezera kuti mnzawo, yemwe wangoweruka kumene ku ntchito, asinthasintha mawu ngati katswiri. Khalidweli lidapatsidwa dzina loti Matt Mercer effect.

Madandaulo ena ndi omwe mungawapeze paliponse pomwe anthu asonkhana. Pali wolongolola yemwe salola anzake kutsegula pakamwa. Pali wongoyang'ana pa foni mpaka nthawi yake itakwana, nkufunsa kuti, kodi tili pati? Palinso woloweza buku la malamulo, yemwe amaimitsa nkhondo pakati kuti atsutsane ndi mwini nthano pa chiganizo chimodzi.

Chovutirapo ndi kusiyana zofuna. Wina wabwera kudzamenya zilombo, wina akufuna kucheza ndi anthu a m'nthanomo kwa ola lathunthu, wina wangotsatira anzake ndi zokhwasula. Pofuna kupewa zimenezi, magulu ambiri amayamba ndi msonkhano wokambirana asadaponye dayisi, womwe amautcha session zero. Amagwirizana za mtundu wa nthano, chochita wina akajomba, ndi nkhani zomwe sakufuna kuti zitchulidwe. Wizards of the Coast idalemba za msonkhanowu m'buku lake la Tasha's Cauldron of Everything la mu 2020. John Stavropoulos naye adayambitsa kakhadi kolembedwa X komwe kamaikidwa pakati pa tebulo. Nthano ikafika pomwe wina yamukhudza molakwika, amangogwira kakhadiko ndipo gulu limadumpha gawolo osamufunsa chifukwa.

Nanga intaneti siidathetse vuto la kukumana? Tsamba la Roll20, lomwe lidayamba mu 2012, limalola anthu a m'mizinda yosiyana kuona mapu amodzi ndi kuponya madayisi pa kompyuta, ndipo magulu ambiri adathawira ku njira zotere mu 2020 nthawi ya Covid-19. Mtunda udafupika, ndalama yoyendera idapulumuka. Koma anthu asanu aja amafunikabe kupeza madzulo amodzi omwe onse ali omasuka, ndipo wokonda foni uja tsopano amatha kutsegula tsamba lina anzake osamuona.